Basi pa Chipepala cha Zodikira

Lolemba, 27 Okutobala

Tafika pa basi ya m'mawa. Anthu 23, aphunzitsi a m'madera ndi omenyera ufulu, aliyense ndi luso loti agawireko anzake. Malo ndi sukulu yakale ya m'mudzi muno, ana anatha kalekale. Otsogolera ndife, ine ndi Bozhidar. Phunziro langa: kumvetsera anthu wamba. Chaka chachisanu ndi chinayi ndikuphunzitsa zimenezi, ndipo ndisaname, ndimazitha.

Malamulo ndi akale omwe aja. Kukhala mozungulira. Wogwirizana ndi mfundo sawomba m'manja, amakweza manja n'kugwedeza zala. Nkhani yobwera pa nthawi yolakwika timailemba pa chipepala cha pakhomo, mutu wake ZODIKIRA. Kuno mawu a munthu satayika, timatero.

Otiphikira ndi Mayi Ginka. Nyemba zawo, ha!

Lachiwiri, 28 Okutobala

Ndili pakati pophunzitsa, Mayi Ginka tulukiru, manja ali ufa wokhawokha. Akuti khonsolo ikumana kutauni Lachinayi, 10 koloko, kuti ione ngati basi ya kuno ipitirire mwezi uno ukatha. Amuna awo, Bambo Tanyo, impso zinasiya kugwira ntchito. Amakatsukitsa magazi kuchipatala katatu pa sabata, pa basi yomweyo.

"Ana inu mumatha kulankhula ndi akuluakulu. Tiyeni tonse, ngakhale atatu okha. Ifetu tikayamba kulankhula amangoyang'ana wotchi."

Zala m'mwamba chipinda chonse. Wina mpaka misozi. Ndinawathokoza potiuza zakukhosi, n'kulemba pa ZODIKIRA: basi. Ndinadula mizere iwiri kunsi kwake. Anafunsa kuti zalazo ndiye kuti chiyani. Ndinati ndiye kuti tili nanu limodzi. Anabwerera kukhitchini akumwetulira.

Lachinayi, 30 Okutobala

Dzulo timati ZODIKIRA tizione tisanaweruke, koma nkhani ya ndani azitsuka makapu inadya ola ndi theka. Inatha bwino, aliyense anamvedwa.

Lero banitsa, chitumbuwa cha tchizi cha kuno, tinaipeza patebulo yovundikira ndi nsalu, ikadali yofunda. Ophika kulibe. 10 koloko phunziro la Bozhidar: kulankhula ndi akuluakulu a boma. Sewero. Ine ndinali meya, tayi ya pepala m'khosi. Anandipanikiza mpaka ndinagonja, ndinawapatsa zonse zimene amafuna. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndili pampando waumeyawo maso anagwera pa chipepala chija. Ndinayang'ana wotchi. 10:40. Basi inali itapita kale 7:40, nanga ndikanauluka?

Masana ndinawapeza Mayi Ginka akusenda anyezi. Sanatembenuke. "Tinalipo anayi, mwanawe. Anatipatsa mphindi ziwiri. Talawa, mchere wakwana?"

Unakwana. Zina sindinafunse.

Loweruka, 1 Novembala

Dzulo kutsekera. Aliyense anatchula chimene akupita nacho kwawo. Ambiri anati kumvetsera. Ndinanyada, ndibisirenji. Zipepala zonse ndinapinda n'kuika m'chikwama, za lipoti.

Lero 7:20 tonse pasiteji ndi katundu wathu. 7:40, zii. 8:30, zii. Mitu 23 yophunzira bwino, popanda ndi umodzi womwe woganiza kuti basi ya Bambo Tanyo ndi yomwenso inatibweretsa. Bozhidar anaimbira matakisi kutauni. Tinaima mozungulira kukambirana kuti yoyamba akwere ndani.

Kenako thirakitala ikutuluka m'mudzi. M'ngolo Mayi Ginka, pambali pawo Bambo Tanyo atafunda mabulangeti awiri, nkhope ili mbuu. Makilomita 26, m'chisanu chimenechi, ndipo Lachiwiri abwerezanso. Mayi sanatiyang'ane. Bambowo anatulutsa manja onse awiri m'bulangeti, anawakweza, n'kuyamba kutigwedezera zala.

Ndiye kuti kunyumba Mayi Ginka anakawauza tanthauzo lake. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Atatu a m'gulu lathu anawabwezera.