Duwa Loweramitsa Mutu

Lolemba, 13 Okutobala 2025

Kutentha kwa chaka chino ndi chilango. Kumjigo maulendo anayi, awiri anga, awiri a mtengo wa Luckson. Mlamu wanga Delia anandipeza ndikuthirira, akuti, "Alamu, madzi a anthu mukumwetsa chitsamba chosadyeka?" Ndinangoti mwaswera bwanji n'kupitiriza. Pakamwa pa Delia sipapuma ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ndilembe muno za mtengowu, poti wondimvera m'mudzi muno palibe. Mwamuna wanga Luckson anautenga ku Chipata chaka chatha, atapita kumaphunziro a usikauti, ntchito yolondera nyama zakutchire. Kanthambi kotalika ngati supuni, kokulunga m'sokisi yonyowa. Dzina lake akuti lipenga la mngelo. Anati, "Harriet, umangolira kwanu kozizira, ndakubweretsera kwanuko pang'ono." Tinabzala limodzi kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa msikizi.

M'Malichi njati inamupha ali pantchito m'paki. Bokosi silinatsegulidwe, anzake anati n'zosaoneka. Ine ndi mayi ake tinalira thabwa. Mwana sanandisiyire. Zake zimene ndili nazo ndi nsapato za kuntchito ndi mtengowu.

Wandipitirira msinkhu tsopano, koma duwa ngakhale limodzi. Masana masamba amangoti lende ngati makutu a mbuzi yodwala. Ndi wakumtunda ngati ine, kuno ku Malama tonse tikungopirira.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndatola ndowe zouma za njovu kumunda, ndayala patsinde kuti chinyezi chizikhalitsa. Phulusa mozungulira, kuopa chiswe. Mbuzi za apongozi zatha kholowa wanga, zadya ndi sopo yemwe, koma mtengowu zimangoununkhiza n'kudutsa. Ndinaseka ndekha. Ngakhale mbuzi zikumudziwa mwini wake.

Kavuluvulu wathyola nthambi imodzi. Ndinaidula bwino pansi pa mfundo, kuthothola masamba apansi, n'kuiika m'botolo la madzi. Apongozi anali pamphasa akupuma ngati munthu woimba mluzu. Mphumu yawo imakula ndi fumbi. Anandifunsa ngati chinthu chopanda mizu chingakhale ndi moyo. Ndinawaonetsa zonse: botolo pamthunzi, madzi kusintha pakapita masiku awiri, masabata awiri kapena atatu timizu toyera tatuluka. Anamvetsera mpaka kumapeto. Chimwalirire mwana wawo, aka n'koyamba kufunsa za chinthu chilichonse.

Abale anga aimbanso foni, ndibwerere ku Chipata. Nanga amayiwa ndiwasiyire Delia, munthu woti phala la wodwala amachita kukumbutsidwa?

Loweruka, 8 Novembala

Mvula yoyamba dzana. Lero ndapeza timaluwa tosatsegula, tobiriwira, tolendewera ngati therere. Khumi ndi kamodzi. Ndawerenga katatu.

Ndinathamanga kuti ndikamuuze Luckson. Ndafika pakhomo ndi pamene ndinakumbuka. Ndinakhala pakhonde mpaka miyendo dzanzi. Mtima ukuwawa kuposa tsiku la maliro, sindikudziwa chifukwa chake.

Lamulungu, 16 Novembala

Atsegula! Asanu ndi awiri. Oyera, kumlomo kofiirira pang'ono, aatali kuposa chikhatho changa, onse mitu pansi. Dzuwa likapendeka fungo lake limafika mpaka kunjira.

Amayi a kutchalitchi anapatuka kudzaona. Onse kukamwa yasa, kupatula Delia. Akuti, "Si chitsamba cha kukhola chija ichi, chopengetsa ng'ombe?" Magazi anandikwera kumutu. Ndinapita kukhola ndekha, ndi chitenje changa cha kutchalitchi, n'kukazula chitsambacho, n'kuchiponya pakati pa onse.

Ndinawaphunzitsa ngati aphunzitsi a giredi 1. Cha kukhola n'chachifupi, cholekeza m'chiuno, chimafa mvula ikatha. Wanga ndi mtengo, uli ndi thunthu lolimba. Duwa la kukhola limayang'ana kumwamba, langa limaweramitsa mutu. Masamba a kukhola ndi amanomano, onunkha, anga ndi aakulu, ofewa, aubweya. Ndipo onani chipatso ichi cha minga yokhayokha, pa wanga mwachionapo? Poizoni ali mwa chamingachi, ndinatero, wanga ndi wabwinobwino. Delia anangotembenuka n'kumapita. Ndinamva kukoma, ndisaname.

Anthu atapita apongozi anatsala pansi pa mtengo. Akuti malemu bambo awo, nawonso a mphumu, ankadzichiza ndi masamba a cha kukhola chija, koma chinali chaukali, ena chinkawasokoneza mutu. Kenako anati, "Ndiye lanuli ndi lofatsa, mwananga?" Ndinati lofatsa, amayi, n'chifukwa chake analitcha la mngelo.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndilembe zimene zachitika.

Ndinachoka kumunda cha m'ma 14 hours. Pamtengo maluwa atatu palibe. Ndinaganiza ana. Kenako phokoso kunyumba kwa apongozi.

Ndinawapeza pabwalo, mpango wagwa, bulauzi avula. Thupi moto koma thukuta ayi, milomo gwa. Maso akuda bii, aakulu, akundiyang'ana osandiona. Manja akutola zinthu zosaoneka mumlengalenga. Pamafuwa kapoto ka tiyi, m'kati maluwa anga atalobodoka.

Ndipo ankaseka. Miyezi isanu ndi itatu sindinawamve akuseka. Ankalankhula ndi mtondo wosinjira uli pakhonde, m'Chikunda chawo, ine ndimangomva theka. Dzina lokha ndinalimva bwino. Luckson, Luckson.

Tinawanyamula pangolo. Ankamenya aliyense wowagwira, akuti tikumuthamangitsa mwana wawo. Delia anakhala kumutu, ine kumiyendo. Njira yonse sanandiyang'ane.

Lachinayi, 20 Novembala

Kukiliniki. Dilipi yachiwiri. Mtima ukuthamanga, mkodzo sukutuluka. Sanandizindikire. Akufuna madzi, akawapatsa akulephera kumeza.

Ambuye, muwasiye. Ena munatenga kale.

Loweruka, 22 Novembala

Atsitsimuka m'mawa. Anatchula dzina la Delia, kenako langa.

Dzulo ndinabwerera kumudzi kukathyola duwa limodzi kuti adokotala alione. Analigwira ndi pepala, osati ndi dzanja. Ndinayamba kuwafotokozera zanga zija, kuti ili limayang'ana pansi, lilibe minga, si la kukhola. Anandilola kumaliza. Kenako anati, "Mayi, mwasiyanitsa bwino, koma awiriwa ndi pachibale. Poizoni wake ndi mmodzi, duwa, tsamba, muzu, zonse. Mbuzi zanu munazionapo zikudya?" Anatinso amayiwa achita mwayi, ndi mtima wawo wokalambawu kachiwiri sangadzuke.

Mbuzi zinadziwa. Ine wa giredi 12 ayi.

Ndakhala ndikufufuza m'mutu zimene Luckson ananena. Anandiuza za kuyang'ana pansi ndi kuyang'ana kumwamba, basi. Zoti mulibe poizoni sananene. Ndinawonjezera ndekha tsiku lija, kuti Delia atseke pakamwa. Mawu atatu okha, wanga ndi wabwinobwino, ndipo apongozi anawasunga.

Delia anadikira mpaka titatuluka panja. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlongo wanga anapita, tsopano mukufuna amayi?" Sanali kunena mtengo wokha. Masiku ena ndikanamuyankha mpaka akanalira. Lero ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Lachiwiri, 25 Novembala

Abwerera kunyumba. Kuwala kukuwapweteka m'maso, akukhala m'nyumba chitseko chotseka. Anatuma Delia kumjigo, n'kundiitana. Ndinagwada pakhomo kuti ndipepese. Sanandilole kumaliza.

Anamuona Luckson. Akutero. Anakhala pamtondo paja, atavala yunifolomu yake, nkhope yonse ili bwinobwino, popanda bala. Anapempha madzi akumwa. Anawaseka kuti aonda. "Bokosi lija anatikaniza kutsegula, mwananga. Ine ndamuona ndi maso angawa."

Ndinati ndi poizoni uja, amayi, amasokoneza mutu, pamtondo panalibe munthu. Anati akudziwa zimene adokotala ananena, sali mwana. Kenako anandigwira dzanja. "Ndipatseni limodzi lokha. Ngakhale theka. Sitinamalize kucheza."

Ndinati kachiwiri simudzadzuka. Anati, "Ndiye ndikamalizira konko."

Ndikutuluka anawonjezera, "Anakufunsani."

Sindinafunse kuti anati chiyani. Ndikufuna kudziwa, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndikufuna.

Lachinayi, 27 Novembala

Kumunda sindikupita, udzu ukumera ndi chimanga pamodzi. Ntchito yanga tsopano ndi kulondera mtengo. Duwa likangotsegula ndimalithothola, manja m'mapulasitiki, n'kukaliponya m'chimbudzi chakale. Chaka chonse kudikira maluwa, lero ndikuwathothola ndekha.

Koma likaphuka lina ndili kumjigo? Masana ano ndinangopita kukatenga moto kwa aneba. Pobwera ndinawapeza apongozi ataima pansi pa mtengo ndi ndodo yawo, akuyang'ana m'mwamba. Munthu woti kufika kuchimbudzi amapuma kawiri. Akuti amangopitidwa mphepo.

Masamba nawo ndi poizoni, adokotala anatero, ndipo apongozi akudziwa. Masamba sindingathothole onse.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndaudula.

Ndinayamba ndi nthambi yanga ya m'botolo ija, inali ndi mizu kale. Kenako chikwanje cha Luckson. Mtengo wofewa, sunalimbe n'komwe, kasanu kokha wagwa. Bola ukanavuta. Chitsa ndinakumba ndi khasu mpaka muzu womaliza. Kuuwotcha ayi, akuti utsi wake ndi woopsanso, ndiye zonse m'chimbudzi chakale, dothi pamwamba.

Delia anaima patali manja m'chiuno. Apongozi anabwera pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kuti atukwana kapena kulira. Ayi. Anawerama n'kuyamba kundithandiza kutola nthambi, kuunjika pamodzi kuti ndinyamule. Ndinati pumulani amayi, musagwire ndi manja. Anati, "Ndi wa mwana wanga, ndimuperekeze."

Apo ndi pamene ndinalira. Maliro achiwiri, anthu atatu.

Kuseri kwa nyumba kwangotsala dzenje ndi ndowe za njovu.

Lamulungu, 7 Disembala

Kumjigo maulendo awiri okha tsopano. Madzulo sindidziwa chochita ndi manja.

Apongozi akupeza bwino modabwitsa. Mvula yagwetsa fumbi, mphumu yachepa. Akudya, akusesa okha, dzulo ndinawamva akuimba nyimbo ya kwaya. Delia akuti ndi chifukwa chitsamba cha tsoka chachoka pamudzi. Za Luckson sanazitchulenso. Ndayamba kupuma, ngakhale amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mlongo wanga waimbanso foni. Akuti chikundisunga n'chiyani tsopano? Ndinati chimanga.

Lolemba, 15 Disembala

Ndinawapititsira apongozi phala m'mawa. Anali kuseri akusamba. Ndinati ndiwathirire madzi mumtsuko. Nditausuntha, kumbuyo kwake, pamdima wozizira paja, botolo.

Nthambi yodulidwa bwino pansi pa mfundo. Masamba apansi othothola. Madzi oyera, osinthidwa dzulo kapena lero. Timizu toyera, ndi katsamba katsopano pamwamba. Zonse monga ndinawaphunzitsira, sanaphonye ngakhale chimodzi. Ndiye kuperekeza kuja kunali kumeneku. Ndiye nyimbo zija.

Analowa ndili nalo m'manja. Sanadzidzimuke. Anakhala pamphasa n'kuyamba kupukuta mapazi. Ndinati amayi, ichi ndikutenga. Anati tengani, mphamvu zolimbana nanu ndilibe. Ndinati mukundikwiyira? Anati ayi.

Ndili pakhomo anati, "Simunandifunse zimene ananena za inu." Ndinaima. "Anafunsa ngati lachita maluwa. Ndisanamuyankhe munandikweza pangolo."

Ndinalibisa m'chitenje kuti Delia asaone. Ndinadutsa pa chimbudzi chakale, ndinaima, ndinapitirira.

Lili pano patebulo, pambali pa nsapato zake. Mizu isanu ndi umodzi, ndawerenga katatu. Ndikudziwa zimene adokotala ananena. Ndikudziwa kuti pamtondo panalibe munthu. Ndikudziwanso kuti likakhala m'mudzi muno amayiwa adzalipeza, ngakhale ndilibise kudenga. Kuchokera pano kufika kuchimbudzi chakale ndi mapazi makumi awiri, ndipo dzuwa lapendeka ndisananyamuke.

Koma anafunsa, ndipo palibe anamuyankha kuti linachita maluwa, oyera, khumi ndi limodzi.

Madzi ndawasintha.