Galimoto ya Alamu Yagona Kudambo

Lachisanu, ku Sinda.

Kwatentha, msana ukuwawa. Mawa ndi ukwati wa Tisa, mwana wa mlongo wanga, ndipo galimoto yomutengera ku tchalitchi ili m'matope.

Alamu, atate ake a Tisa, anachotsa injini yakale m'chigalimoto chachitali cha ku Amerika chimene anawasiyira atate awo, n'kuikamo yamakono ya m'galimoto ina imene inagubuduka ku Katete. Inabwera ndi magiya osintha okha. Makanika anawachenjeza kuti yotere sailiza mokankha. Alamu anagwedeza mutu monga amachitira pa ulaliki.

Dzulo lonse wailesi ya m'galimotomo inkaimbira achinyamata oyeserera magule a ukwati. Lero m'mawa batire lafa.

"Tiyeni amuna, pamtsetse!" anatero alamu. "Galimoto iyi ndinaidziwa ndisanakwatire."

"Thupi ndi lomwelo, alamu, koma mtima ndi wa mlendo," ndinatero.

"Inu kankhani. Miyambi mukanene mawa."

Tinakankha. Inatsika mwaulemu, ili chete, kudutsa m'dimba la tomato la a Mbewe, alamu akufunafuna ndi phazi kilachi imene makanika anachotsa mwezi watha. Inakaima kudambo, matope mpaka m'zitseko.

Mlongo wanga sanakalipe. Anangowatuma kukabwereka ng'ombe kwa a Mbewe omwewo. A Mbewe ati za tomato akhululuka, ng'ombe zikoka m'mamawa, koma iwo ndi akazi awo onse awiri akakhale pa tebulo la akwati.

Alamu avomera. Tisa sanamve. Alamu ati ndikamuuze ine, poti malume ndine...