Nthenga za tsekwe pa mivi yanga

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, koma mtima ukutentha.

Nguluwe zafukulanso chinangwa chathu. Mfuti boma likukaniza, choncho ndatenga uta wa malemu bambo. Amalume atandipeza ndikumangirira nthenga pa mivi, anaseka: "Aphunzitsi, bwererani ku choko chanu. Za nkhuku zili mbwee pabwalopa, mukuvutikiranji?"

Za nkhukuzo ndaziyesa. Zitanyowa zinamatirira ku bango, muvi n'kupatukira kumbali. Ndasankha za tsekwe, zonse za phiko limodzi, n'kuzimanga ndi mtsempha ndi phula. Mvula sizikuimva. Pa mivi isanu, inayi yalasa thunthu la nthochi limene ndinaloza.

Nguluwe si nthochi, ndikudziwa. Komabe mawa ndilawirira kumunda ndekha. Wofuna kuseka adikire ndibwereko kaye.