Ndinati Ndi Kaposi

Lolemba, 4 Novembala 1991

Mvula chiyambire m'mawa, njinga yaphwa pamlatho. Kuwodi kwabwera wodwala watsopano, Joris Vermaat, zaka 34, wokonza mapiyano. Edzi chaka chachitatu. Zotupa zofiira pamkono ndi pakhosi. Ndangoponyapo diso, ndati Kaposi, khansa yapakhungu imene ndatopa kuiona muno. Lamulo limati dula kachidutswa, tumiza kulabu. Koma mikono yake mabala a singano okhaokha. "Adokotala, mwandiboola ngati sefa. Mukadulanso, m'bokosi mudzaikamo chiyani?" Ndaseka. Sindinadule.

Lachinayi, 14 Novembala

Thupi lake moto. Chotupa chimodzi chatuluka magazi pongochikhudza ndi thaulo. Kaposi satero kawirikawiri. Ndaona, ndangodutsa. Femke, mlongo wake, wandiimitsa m'khonde kupempha kuti mphaka wa Joris adzamuone, akuti ndi mnzake weniweni, amamukanda manja tsiku lililonse posewera. Ndakana, mtima uli pa khofi ndi buledi wanga wa tchizi.

Lachisanu, 29 Novembala

Maso achikasu. Chiwindi chatupa. Lero ndadula. Sanandinyoze n'komwe, ndipo zimenezo zandiopsa.

Lachitatu, 4 Disembala

Marijke wa kulabu wandiitanira pansi. Anathira mankhwala asiliva pa kachidutswa kaja, ndipo pagalasi la maikulosikopu tizilombo mbwee. Si khansa. Mabakiteriya, mwina ochokera kwa mphaka. Mapiritsi wamba amachiza. "Ukanabweretsa mwezi watha, bwenzi pano ali kwawo." Wanena mofatsa. Bola akanandilalatira.

Ndakwera kukamuuza Joris zonse, osabisa kanthu. Anamwino ali kalikiliki kukulunga mphatso za chikondwerero cha mawa cha Sinterklaas. Joris wati: "Ndiye ndikufa ndi nthenda yochizika? Koma inunso adokotala, nthabwala zanga mumazimvera bwanji?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pantchito. Ndinkanyadira diso langali. Ndikudzida.

Loweruka, 7 Disembala

Mankhwala akulowa m'mitsempha. Pakhungu zotupa zayamba kuphwa, tsiku lachitatu lokha. Mwini khungu sakudzuka. Femke sakundilankhula, ndipo akulondola.

Lachiwiri, 10 Disembala

Bedi 6, la malemu Joris, layalidwa kale nsalu zatsopano.

Masana ndatsekera chitseko, ndatulutsa mafayilo a zaka zitatu. Amene ndinawalembera Kaposi ndi maso okha, osadula, ndi khumi ndi mmodzi. Aliyense ndinali naye ndi chifukwa chabwino: wowonda kwambiri, woopa mpeni, wotopa. Chifundo changa chimenecho. Asanu ndi atatu anapita, za iwo sindidzadziwa. Atatu ndimayesa alipo.

Ndaimba foni kwa woyamba. Ayankha ndi bambo ake, akuti anamuika sabata yatha, ndipo andithokoza chifukwa chowakumbukira. Kwa wachiwiri ikungolira osayankhidwa, kanayi konse. Wachitatu nambala ndi iyi, pakona pa fayilo. Sindinaimbebe.