Mudzi wa ku France wopanda woyankha

Amayi anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji ndi miyendo ija? Ife kuno ku Barking tili bwino, Tamanda chifuwa chija chinatha. Ndikulemba mothamanga, mundimvetsere.

Sabata yatha abwana a bambo a Tamanda anatitengera ku France kukaona mudzi umene ali ndi nyumba. Amayi, chibadwire sindinaone zotere! Nyumba zamiyala zikuluzikulu, minda ya mphesa mpaka polekezera maso, yonse mbuu ndi chisanu ngati wina wawazapo ufa. Koma anthu mulibe. Mawindo onse otseka ndi matabwa. Nditafunsa ngati kunagwa mliri, abwana anaseka: "Eni ake amabwera nyengo yotentha basi." Ngakhale belu la tchalitchi limalira lokha, popanda woliza.

Ndili kukamwa yasa choncho, kucheuka, Tamanda palibe. Ndinakuwa, Amayi, mfuu yoti kwathu mudzi wonse ukanatuluka ndi zibonga. Palibe chitseko chomwe chinatseguka. Ndinamupeza kuseri kwa tchalitchi, pambali pa chitsime, akunyambita madzi oundana, uku akuseka.

Tsopano abwana akufuna tikakhale komweko tizikasamala nyumbazo. Bambo a Tamanda akuti, "Iwe, ukufuna tikalambire m'kachipinda kamodzi kano?" Akuti akapereka yankho kwa abwanawo Lolemba. Chonde thamangirani kwa amalume awo, awaimbire foni tsikulo lisanafike, poti ine sandimvera. Malowo ndi okongola, sindikana. Koma tsiku lina mwana akadzagwera m'chitsime chija, ndidzakuwira ndani?

Mulungu akusungeni, ndipo mutipempherere.

Ndine mwana wanu,
Esinati