Akabwera oyendera sikola, mwana wanga amatumizidwa kudimba

Aphungu,

Ndithandizeni, manyazi andigwira. Mwana wanga Ivânia ali kalasi yachinayi pasikola yathu yaboma kuno ku Mualadzi. Nthawi zonse akamabwera ainsipetori a kudistritu, aja oyendera maphunziro, iye ndi anzake angapo amatumizidwa kukathirira ndiwo zamasamba za kovi kudimba la sikola. Ine ndinkati ndi ulemu umenewo. Mpaka ndinadzitama kutchalitchi kuti mwana wanga adiretori, akulu a sikola, amamudalira!

Lamulungu lapitali ndinamupatsa buku la nyimbo kuti andipezere tsamba. Anangolitembenuza uku ndi uku osapeza tsambalo. Nditamufunsa anati, "Ababa, ife a kudimba ndife osatha kuwerenga. Amati alendo asatione."

Choseketsa, kapena cholilitsa, n'chakuti amene amachenjeza sikola ndi mkazi wanga yemwe, Albina. Amagulitsa zitumbuwa pamphambano, ndiye akangoona mota ya boma, njinga yamoto ija, amabipa foni ya adiretori. Iye ankati akuthandiza kuti a kusikola asese pabwalo.

Tsono adiretoriwo, a Mateyo, ndi amene anamuimira Ivânia pa ubatizo. Ndikawaneneza, ndidzawayang'ana bwanji pa Misa? Ndikakhala chete, mwana adzatuluka sikola akudziwa kovi yekha. Nditani?

B. M., Mualadzi

A B. M.,

Haa, banja lanu ndi logwirizana ndithu! Mayi akubipa, bambo akudzitama, mwana akuthirira. Ndaseka, koma nkhaniyi si yoseketsa.

Yambani kunyumba. Mayi Albina foni ija aziisunga m'chitenje mota ikamadutsa. Boma silitumiza anthu amenewa kudzaona pabwalo posesa bwino. Amabwera kudzaona pamene pakuvuta, kuti adziwe kofunika mabuku, kofunika mphunzitsi wina. Mukawaonetsa ana ochenjera okhaokha, akanena kudistritu kuti kwanuko zonse zili bwino, thandizo lipite kwina.

Kenako pitani kwa a Mateyo nokha, kunyumba kwawo, osati pamaso pa aphunzitsi. Musapite ndi ndewu. Nawonso amaopa kudzudzulidwa ndi akuluakulu awo, n'chifukwa chake amabisa. Akumbutseni kuti tsiku la ubatizo analonjeza kumulera mwanayu, ndipo muwafunse kuti achita chiyani kuti awerenge chaka chisanathe. Akayamba kuzungulira, kaitengereni nkhaniyi ku konselyu, komiti ya makolo ija. Ana a kudimbawo ali ndi makolo awo, ndipo mwina nawonso akudzitama ngati inu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo.

Inunso musangoloza chala. Madzulo aliwonse khalani naye pansi, muziwerenga limodzi mizere ingapo, ngakhale ya pa thumba la feteleza.

Koma ndikuchenjezeni: musamukalipire Ivânia, musamuseke, ndipo nkhaniyi isakhale nthabwala ya pamudzi. Amudzudzula kale mokwanira popanda mawu. Mwana wamng'ono chonchi wakhala akudziwa yekha kuti ndi wobisidwa, ndipo sanauze munthu kufikira inu mutamufunsa.

Aphungu