Mphini Yachinayi ya Patsaya Lamanzere

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko komwe munapita? Ndine Lusiya, uja munkamutcha tsabola. Kuno ku Tete dzuwa silinasinthe, likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mchemwali wanga Rosa wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kumudzi ku Angónia mbatatesi zachita bwino, koma nyemba za kudimba kwanu mbuzi za eni zinamaliza. Achimwene a Fernando akadayendetsabe galimoto za malasha ku Moatize, chifuwa chija sichikuwasiya. Tagwirizana kuti mwezi wamawa timange chiliza chanu, ndipo akazi tonse tidzavale kapulana, nsalu yokhala ndi nkhope yanu. Zojambula anandisiyira ine, poti ndi ntchito imene ndimadyera.

Tsoka ilo, komputadolo yanga yakale inafa ndi fumbi la ku Matema. Mwini loja ina yogulitsa makina kudera la Samora Machel, amene ndinamujambulira chikwangwani, anandibwereka makina awiri kuti ndiyese sabata imodzi ndisanasankhe. Oyamba ndi tabuleti, kagalasi kopepuka ngati mbale, kokhala ndi cholembera chake. Amayi, kanthu kameneko n'kokoma m'manja! Mzere umatuluka momwe dzanja lafunira, ndipo magetsi akazima iko kamangogwirabe ntchito. Koma pulogalamu yaikulu imene ndinazolowera sikaikwanitsa, ndipo a ku girafika, amene amadinda nsalu, anati mitundu yake idzatuluka yosuluka. Ndinakumbukira mawu anu a pamsika aja, akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Achiwiri ndi komputadolo yopinda. Ukaitsegula ili ndi mabatani olembera, ukaipindira kumbuyo imagona ngati tabuleti n'kumajambula pagalasi pake. Ndi yolemera, imatentha pamiyendo ngati mbaula, cholembera chake chimatsalira pang'ono. Koma pulogalamu yaikulu ija imayenda bwinobwino.

Zimene ndakulemberani kwenikweni ndi izi. Chithunzi chanu tili nacho chimodzi chokha, cha paukwati wa Rosa, ndipo madzi atalowa m'nyumba ku Nhartanda anadya tsaya lanu lamanzere. Ndinachilowetsa mu komputadolo yopinda ija n'kudina batani loyeretsa zithunzi zakale. Linachotsa madontho onse. Linachotsanso mphini zanu, Amayi. Linaziyesa zokandika za pepala. Pagalasi panatuluka mayi wosalala, wokongola, amene sindinamuyamwepo.

Achimwene ataona anakondwera, ati mukuoneka ngati mkazi wa bwana, tidinde chomwecho, mphini ndi zachikale. Tsabola uja anadzuka. Ndinawafunsa ngati ku chiliza tikukalira mkazi wa bwana kapena amene ankawabereka kumsana popita kumunda. Anachoka osatsanzika, ndipo ndikudziwa kuti mukanandidzudzula, poti munkati mkamwa mwanga mumathamanga kuposa miyendo.

Ndinaganiza zobwezera mphinizo ndi dzanja. Tsaya lamanja silinavute, pachithunzi chakale zikuoneka zitatu. Koma lamanzere? Cholembera chinaima panjira. Zitatu kapena zinayi? Ndinaimbira Rosa, anati zitatu, kenako anati kaya. Azakhali anati iwo maso anatha. Amayi, ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Mvula yagwa kawiri kokha chikuikireni m'manda, ine nkhope yanu yayamba kale kundithawa. A ku girafika ankafuna chithunzicho Lachisanu, ndipo ndinalira masana dzuwa likuswa mtengo.

Lachinayi ndinaika cholembera pambali. Ndinapinda komputadolo ija, nkhope yanu n'kugona pamiyendo panga, monga munkagonera tsiku lopuma kuti ndikuzuleni imvi. Ndinatsinzina n'kuyendetsa chala patsaya lamanzere momwe ndinkachitira ndili mwana. Chinatsika kamodzi, kawiri, katatu. Kenako chinapita chokha pafupi ndi khutu, n'kuima panjira. Pomwepo ndinakumvani mukuseka: "Imeneyo ndi yothawa, mwanawe. Lumo litafika apo ndinadzuka n'kuliyatsa liwiro, anakandigwira kudambo." Nditatsegula maso, pagalasi panali mizere inayi, wachinayi waufupi.

Tabuleti ndabweza, ngakhale mtima unali pomwepo. Ndatenga yopindayo, poti chimene chala chajambula chimafika kwa odinda osasintha. Batani loyeretsa lija sindidzalikhudzanso pankhope ya munthu wamkulu aliyense.

Dzulo achimwene anabwera kudzaona kansalu koyesera. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala chawo chakuda ndi malasha pa mphini yaifupi ija, n'kutulukira panja kukatsokomola. Amayi, chija sichinali chifuwa.

Kapulana imodzi ndidzasungira wakhanda uja. Akadzayamba kumva ndidzamugwira kachala, tidzawerenge limodzi mpaka pa yothawayo. Ndikulonjeza kuti sadzafunsa munthu kuti zinali zingati.

Gonani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Lusiya